Malangizo a Eni Mfuti a m'Mphepete mwa Nyanja ku Salima

Nkhani ya lero ikuchokera m'boma la Salima, kumene mtsinje wa Linthipe umathira madzi ake m'nyanja ya Malaŵi, ndipo ikukhudza anthu oŵerengeka koma olankhula kwambiri, ndiwo eni mfuti. Omvera a ku Chitipa, ku Mchinji ngakhale ku Nsanje akuwadziŵa anthu otere, pakuti m'boma lililonse alimo. Wina ndi mlimi wa mpunga amene anagula mfuti kuti aziopsezera nguluŵe ndi anyani, wina ndi msilikali wopuma ntchito, wina ndi mlenje wa nkhanga amene analandira luso kwa atsibweni ake. Akakumana patsinde pa mtengo wa mango ku Senga Bay, kapena pakhonde la sitolo ku Chipoka, nkhani ya mfuti siitha msanga. Aliyense ndi mphunzitsi wa mnzake. Ena mwa malangizo amene amapatsana ndi abwino ndithu, oti ngakhale aphunzitsi a asilikali angawavomereze. Ena ndi nthano chabe zosapweteka munthu. Koma alipo enanso amene, munthu akawatsata, angadzetse maliro m'mudzi, ndipo chovuta n'chakuti onsewo amanenedwa ndi mau otsimikiza ofanana.

Mfuti si mlendo m'dera limeneli. M'zaka za m'ma 1800 amalonda Achiswahili ndi Achiyao ankabwera ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga, nabwerera ndi minyanga ya njovu ndiponso akapolo. Jumbe wa ku Nkhotakota, amene David Livingstone anakumana naye mu 1863, mphamvu zake zinali m'mfuti, chimodzimodzinso Makanjira kutsidya kwa nyanja. Zambiri mwa mfuti za masiku amenewo zinali za gogodera, zija zothira wonga kukamwa, kenaka sanza ndi chipolopolo, n'kumagogoda ndi ndodo yachitsulo mpaka zonse zitakhazikika pansi. Mu 1890 maiko a ku Ulaya anapangana ku Brussels kuti achepetse malonda a mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Afirika, ndipo Angerezi atayamba kulamula dziko lino mu 1891, panadza malamulo a ziphaso za mfuti ndi za kusaka nyama. Nkhalamba zinali kudandaula kuti malamulowo ankapanikiza mlenje wakuda ndi kumasula mzungu, ndipo dandaulo limeneli linali ndi maziko: Alfred Sharpe, amene anadzakhala Bwanamkubwa woyamba wa Nyasaland mu 1907, anafika kuno poyamba ngati mlenje wa njovu.

Pambuyo pake kunabwera mfuti ya asilikali ya Lee-Enfield, imene aliyense amaidziŵa ndi dzina lakuti .303. Amuna amene anali m'gulu la King's African Rifles, ena mpaka kukamenya nkhondo ku Burma mu 1944, anabwerera kumudzi opanda mfutiyo koma ali ndi mwambo wake wonse m'mutu, ndipo malangizo abwino ambiri amene akumveka lero anayambira kwa iwo. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inaloŵetsa mfuti za AK-47 mozemba, zimene mlimi kapena mlenje saloledwa kusunga. Lamulo loyang'anira mfuti m'dziko muno ndi Firearms Act ya 1967, ndipo ziphaso zili m'manja mwa apolisi. Kusaka nyama kuli ndi lamulo lakelake, National Parks and Wildlife Act ya 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017 kotero kuti milandu ikuluikulu ingagwetse munthu m'ndende kufikira zaka 30. Ambiri amasokoneza ziŵirizi. Chiphaso cha mfuti chimaloleza munthu kusunga mfuti basi. Sichimpatsa nyama ngakhale imodzi ya m'tchire.

Mkangano umene sukalamba ndi wakuti mfuti yabwino ndi iti. Okonda shotigani, makamaka ija ya mpaipi umodzi ya Greener imene alimi ndi alonda aidziŵa kwa zaka zambiri, amati siivuta, siifuna diso lakuthwa, ndipo imadyetsa banja nkhanga ndi abakha. Okonda mfuti ya chipolopolo chimodzi amawaseka anzawowo, amati shotigani ndi mfuti ya munthu wosadziŵa kuloza. Pamenepa palibe wopambana, ndipo mkanganowo supweteka munthu. Chimene chimasokoneza ambiri ndi nambala. Nambala 12 yolembedwa pa shotigani si muyeso wa mphamvu ai. Tanthauzo lake n'lakale: munthu akatenga paundi imodzi ya mtovu naumba mipira 12 yofanana, mpira umodzi umakwana ndendende m'mpaipi wa mfutiyo. N'chifukwa chake mfuti ya nambala 20 ili yaing'ono kuposa ya nambala 12. Anzeru amachenjeza kuti makatiriji a mitundu iŵiriyi asamakhale m'thumba limodzi, ndipo akunena zoona. Katiriji wa 20 akaloŵa m'mfuti ya 12 amatsetsereka nakaima m'kati mwa mpaipi. Mwini mfuti poyang'ana amayesa kuti sanaikemo kanthu, naikanso wa 12 pambuyo pake. Akaomba, mpaipi umaphulika pafupi ndi dzanja lake lamanzere.

Koma funso limene silifunsidwa kaŵirikaŵiri patsinde pa mango paja, chonsecho ndilo lalikulu, ndi ili: kodi chipolopolo chikaphonya chimakagwera kuti? Mlenje amaona nyama, ndipo maganizo ake amathera pa nyamapo. Chipolopolo sichithera pamenepo. Tizipolopolo ting'onoting'ono ta shotigani, tija tonga mapira, timapha mbalame bwino pa mtunda wa mamita 30 kapena 40. Kupitirira apo timangovulaza, komabe tingathe kuboola diso la munthu ali patali ndithu. Kamfuti ka .22, kamene ena amakayesa choseŵeretsa chifukwa kamalira motsika, chipolopolo chake chingayende mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka. Pa .303 ya asilikali kachitsulo kolozera kanalembedwa manambala kufikira mayadi 2,000, ndipo chipolopolo chake, chikaombedwa mokweza, chimafika pafupifupi makilomita atatu. Ku Dedza kapena ku Ntchisi phiri lingathe kuchiimitsa. M'mphepete mwa nyanja ku Salima dziko ndi lathyathyathya, ndipo kuseri kwa bango kuli munda, kuseri kwa munda kuli njira ya kusukulu.

Pali langizo limodzi lofala m'madera a kunyanja limene liyenera kutsutsidwa poyera. Ena amati kuombera chakunyanja kulibe ngozi, pakuti madzi amameza chipolopolo. Mwana aliyense wa ku Senga Bay amene anaponyapo mwala waphanthi pamadzi akudziŵa kuti si choncho. Mwala woponyedwa chopendekeka umadumpha kanayi kapena kasanu usanamire, ndipo chipolopolo chogunda madzi chopendekeka chimachita zomwezo, chimanjanja n'kupitirira, nthaŵi zina mokhota, kumene woomberayo sanalozeko n'komwe. Munthu woimirira pagombe, akamaombera bakha kapena ng'ona ili chapatali, amaombera mopendekeka momwemo. Ndipo nyanja siikhala yopanda anthu. Mbandakucha mabwato a asodzi a usipa amabwerera kumtunda, akazi amatsuka mbale ndi kuchapa m'madooko, ana amasambira. Bwato la munthu mmodzi lili pa mtunda wa kilomita, pa nthaŵi ya mafunde a mwera, silioneka bwino ngakhale kwa wa maso akuthwa.

Pamene malangizo a anthu amalemera koposa ndi pa nkhani ya mvuu. Omvera aganizire za mlimi wa mpunga wa kumadambo a Mpatsanjoka kapena chakufupi ndi Lifuwu. Walima, waokera, wapalira, waingitsa mbalame. Mpunga wayamba kuŵeramitsa ngala. M'maŵa wina apeza mapazi aakulu a zala zinai ndi chigawo cha munda chitametedwa ngati ndi chikwakwa. Mvuu yaikulu imadya udzu wokwana pafupifupi makilogalamu 40 usiku umodzi, ndipo zimene yapondaponda zimaposa zimene yadya. Ikazoloŵera munda imabweranso. M'mundamo ndimo muli fizi ya mwana, ngongole ya feteleza ndi chakudya cha chaka chonse. Mlimiyo ali ndi shotigani ya chiphaso, yopachikika m'nyumba.

Madzulo anzake amfikira. Wina amati, “Achimwene, mfuti mukuisungiranji pamene mpunga ukuthera mvuu? Kaikhalireni usiku uno, muiombe kamodzi kokha kumatako, siidzabweranso.” Mau ameneŵa amamveka a chifundo, ndipo mlimi wosweka mtima savuta kuwamvera. Koma pakakhala mlenje wakale pamenepo amapukusa mutu, namuuza kuti, “Mwana wanga, ukaiomba ndi kamfuti kakoko, mvuuyo waipereka kwa asodzi.”

Nkhalambayo ikunena zoona, ndipo chifukwa chake chiyenera kumveka bwino. Mvuu yamphongo imalemera makilogalamu 1,500 kapena kuposa, ndipo chikopa chake m'malo ena n'chochindikala masentimita asanu. Tizipolopolo ta mbalame sitingafike pamtima kapena paubongo. Timangoloŵa m'chikopa ndi m'mafuta, ndipo mabalawo amatukusira. Ngakhale alenje a Boma, amene amagwiritsa ntchito mfuti zazikulu monga .375, amafuna kuŵala kokwanira ndi malo abwino asanaombe. Mvuu yovulala siithaŵira kuphiri. Imabwerera m'madzi momwe inachokera, m'bango la pafupi ndi dooko, ili ndi ululu ndi ukali, ndipo woyamba kudutsa pamenepo si mwini munda uja ai, koma msodzi wopalasa bwato amene sakudziŵa kanthu za dzulo usiku. Mphamvu ya mvuu pa bwato Amalaŵi akuidziŵa: m'mwezi wa Meyi 2023 ku Nsanje mvuu inagubuduza bwato lodzaza anthu pa mtsinje wa Shire, ndipo ambiri anamira. Nyama yotere, kuionjezera bala, n'kutchera msampha pa njira ya anthu.

Lamulo silinaiŵale munthu amene moyo wake uli pangozi, limamulola kudziteteza. Koma limanenanso kuti wopha kapena wovulaza nyama yoopsa akanene msanga kwa akuluakulu, ndipo nyamayo ikafa ndi ya Boma, si ndiwo za mwini mfuti. Kukanena kuti wavulaza mvuu kumachititsa manyazi ndi mantha, n'chifukwa chake ambiri amakhala chete, koma chete ameneyo ndiye amapha msodzi. Njira yoongoka ndi kudziŵitsa mfumu, apolisi ndi a Department of National Parks and Wildlife, amene anthu amangowatcha a Gemu, mvuu isanaombedwe ndi aliyense. N'zoona kuti kudikira kumaŵaŵa pamene mpunga ukutha, ndipo mpunga wodyedwa palibe amaubweza. Wonyoza mkwiyo wa mlimi sanalimepo m'dambo. Komabe zilipo njira zimene alimi eni ake anaziyesa. Mvuu ili ndi miyendo yaifupi ndipo siidumpha, kotero ngalande yakuya ya m'mbali zoongoka, kapena mpanda waufupi koma wolimba, imaibweza. Minda yoyandikana ikalondedwa pamodzi, ndi moto, zitini ndi ng'oma, ntchito imapepuka. Cholakwa chachikulu ndi kuima pakati pa mvuu ndi madzi, pakuti ikadzidzimuka imathamangira kumadziko mosaona chimene chili panjira.

Pa za kasamalidwe ka mfuti, eni mfuti a ku Salima ndi akatswiri, ndipo ayenera kuyamikiridwa. Chinyezi cha kunyanja ndi thukuta la m'manja m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala zimadyetsa chitsulo dzimbiri msanga, kotero wosapukuta mfuti yake amadziŵika pa chaka chimodzi. Asilikali akale anaphunzitsa kuthira madzi oŵira m'mpaipi pambuyo poomba, kuumitsa bwino, kenaka kupaka mafuta pang'ono. Achinyamata amaseka, amati madzi ndiwo mdani wa chitsulo, koma akaleŵa anali ndi chifukwa: wonga wakuda wa gogodera ndiponso makatiriji akale a nkhondo amasiya mchere m'mpaipi, mchere umakoka chinyezi, ndipo mafuta okha sausungunula. Pa za mtundu wa mafuta pamakhala phokoso. Wina amati a makina osokera, wina a galimoto, wina a nsinjiro zophikira. A makina osokera amathandiza pakasoŵa enieni a mfuti. Ophikira amauma ngati ulimbo namata tizitsulo ta m'kati. Ndipo ochuluka, a mtundu uliwonse, amatsikira m'thabwa la kuthako kwa mfuti nalifeŵetsa, n'chifukwa chake ena amaimika mfuti chozondotsa ikangopakidwa.

Langizo lina labwino ndi la matope. Mlenje wa abakha akaterereka m'dambo, kukamwa kwa mfuti kumajinya pansi, ndipo kadothi kochepa kotseka mpaipi n'kokwanira kuung'amba. Wodziŵa amaima, natsegula mfuti, nachotsa katiriji, nasuzumira m'mpaipi kuchokera kumbuyo, ngakhale abakha akuuluka pamutu pake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zoopsa zina n'za mfuti zosula pamudzi, za mipaipi ya madzi. Mpaipi wa madzi anaupangira madzi, ndipo amene amathiramo wonga wa m'makatiriji amakono, umene mphamvu yake iposa kutali ya wonga wakuda, amaika bomba pafupi ndi tsaya lake. Mfuti zoterezi n'zoletsedwa, ndipo ndizo zimapezeka kaŵirikaŵiri ndi opha nyama mozemba m'nkhalango monga ya Thuma, kumene kuli njovu.

Za kusaka ndi tochi usiku, okonda njirayi amati maso a nyama amaŵala ndipo sungaphonye. Inde amaŵala, koma a mbuzi, a ng'ombe ndi a galu wa mnansi amaŵalanso chimodzimodzi. A munthu saŵala konse, kotero munthu woŵerama m'munda kuseri kwa maso oŵalawo saoneka. Lamulo la zanyama silivomereza kusaka mumdima, ndipo pa ichi lamulo ndi nzeru za alenje enieni zimagwirizana: chimene sunachione thupi lonse, kuyambira kumutu kufikira kumchira, usachiloze.

Pali nkhani inanso yatsopano imene sinafike kwenikweni patsinde pa mango. Tizipolopolo ta mtovu togwera m'madambo abakha ndi atsekwe amatimeza pamodzi ndi timiyala, ndipo mtovu ndi poizoni. Mbalame zodya nyama, monga nkhwazi imene ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lino, zikadya bakha wovulala zimamezanso mtovuwo. Ku United States analetsa mtovu posaka mbalame za m'madzi mu 1991, ndipo maiko a European Union anauletsa m'madambo mu 2023. Amayi okonza nkhanga kapena bakha woombedwa achite bwino kuchotsa tizipolopolo tonse ndi mnofu wozungulira bala, makamaka ngati ndiwozo adyako ana.

Makolo anali ndi miyambo yambiri ya mfuti. Mlenje ankasala asanapite kuuzimba, mfuti inkatsirikidwa ndi mankhwala, ndipo mwana kapena mlendo sankaloledwa kuikhudza kapena kuidumpha. Ophunzira a lero amaziyesa zachabe. Za mankhwala aliyense aweruze yekha, pakuti palibe muzu umene unaongolapo chipolopolo chokhota. Koma mwambo woletsa mwana kukhudza mfuti unapulumutsa ana ambiri, chifukwa gogodera ikathiridwa wonga siivuta pang'ono kuitsitsa, ndipo eni ake ankaipachika ili yodzaza kwa masabata. Masiku ano mantha a mwambo anachepa, koma chizoloŵezi chopachika mfuti yodzaza kuseri kwa chitseko chilipobe, ndipo eni ake amati n'chifukwa cha akuba. Mwana wa zaka zisanu ndi ziŵiri amadziŵa malo alionse obisika m'nyumba ya atate ake, ndipo wakuba woloŵa masana eni ake ali kumunda amayamba kuyang'ana kuseri kwa chitseko komweko. Asilikali opuma amalangiza kuti mfuti ikhale yopanda katiriji, yotsekeredwa m'bokosi lolimba, makatiriji akhale kwina kotsekanso, ndipo makiyi akhale m'thumba la mwini. Amaonjeza kuti mfuti iliyonse yolandira m'manja mwa mnzako uitsegule wekha ndi kuona m'kati, ngakhale iye atalumbira kuti mulibe kanthu, ndipo ngakhale wokupatsayo ali apongozi.

Chotsala ndi kubwereka ndi kusiyirana. M'mudzi khasu, njinga ndi ukonde zimayenda nyumba ndi nyumba, ndipo kukana mphwako kumaoneka ngati umbombo. Mnyamata amafika nati, “Atsibweni, anyani atha chimanga, ndibwerekeni mfuti ya tsiku limodzi lokha.” Koma chiphaso chinalembedwa dzina la munthu mmodzi ndi nambala ya mfuti imodzi. Mnyamatayo akapezeka nayo ali pa mlandu, mwini mfuti alinso pa mlandu, ndipo ikavulaza munthu onse aŵiri adzayankha. Atsibweni anzeru amanyamuka okha kukaona anyaniwo.

Mwini mfuti akamwalira, pa tsiku logaŵa katundu mfuti imaikidwa pamphasa pamodzi ndi wailesi, jekete ndi njinga, ndipo akuluakulu a banja amaloza woti aitenge. Banja lingathe kusankha woloŵa m'malo, koma chiphaso cha malemu sichipita kwa iye pamodzi ndi jekete. Mabanja ena, poopa mafunso, amaikulunga m'chiguduli naibisa kudenga kapena kuikwirira, kumene imachita dzimbiri mpaka adzaipeze adzukulu poseŵera, mwina ikali ndi katiriji wa malemu m'kati. Choyenera n'chakuti mwinimbumba, pamodzi ndi a mfumu kapena mboni ina, apite kupolisi ya pafupi ndi chiphaso chakalecho, akanene za imfayo, apereke mfuti ndi makatiriji onse kuti zisungidwe, ndipo alandire kalata yosonyeza zimene apereka. Wosankhidwa ndi banja uja akapemphe chiphaso m'dzina lake, ndipo adzaitenge mfutiyo chiphasocho chitatuluka.